Maikolofoni a Kumbuyo kwa Tchalitchi

Eugene anali ndi bodza limodzi lokha m'chikondi chake, koma linali bodza lonenepa. Anauza bambo a chibwenzi chake Miyoba kuti amakonda nyimbo za klasiko, zija za mavayolini ndi limba zimene munthu sadziwa poyambira kuvina. Kunena zoona, mnyamatayu anakulira ku komboni ya Linda pa kalindula ndi rumba, ndipo nyimbo yopanda ng'oma inkamubweretsera tulo ngati basi ya ku Lusaka. Chimene ankakonda ndi mtima wake wonse ndi zida zojambulira mawu. Mukamupatsa maikolofoni yabwino, ankaiwala ngakhale chakudya chamasana.

Nanga akanatani? Bambowo, Ba Munsaka, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anayamba kutsogolera kwaya ya tchalitchi chawo Miyoba asanabadwe, ndipo mnyamata aliyense wofika pakhomo pawo ankamuyesa khutu. Amene ankakhoza mayeso amenewo anali Jonah, woimba tenala m'kwayamo, wa mawu osalala ndi nsapato zosongoka. Azimayi a mumpingo anali atawakwatitsa kale Jonah ndi Miyoba m'mitima mwawo. Koma mtima wa Miyoba unali kwa Eugene, ndipo awiriwo ankadikira chinthu chimodzi, chakuti Ba Munsaka amulole kutuma anthu ake adzafunsire mbeta.

* * *

Tsiku lina masana, akuchokera kokonzekera nyimbo, Miyoba anaima pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa Nakatindi, nasamutsira bokosi la vayolini yake ku dzanja lina.

"Eugene, nifuna kukuuza chintu. Koma ukakamba kuli muntu, ine na iwe vasila."

"Ah, iwe, kansi ndine wailesi?"

"Sinichita voseka. Badadi sibamvela bwino. Kutu ya kumanzele inafa kudala, ya kumanja nayo iyenda ichepa. Mau ya pansi-pansi sibayamvela."

Eugene sanakhulupirire. Dzulo lake lomwe anali ataona mkuluyo akuimitsa kwaya yonse n'kudzudzula mayi wina kuti wachedwa kulowa.

"Manje bakwanisa bwanji?"

"Bayangana milomo ya bantu, bayangana manja yatu pa vayolini. Nyimbo zonse zili mumutu mwao. Tiziba ni ine na bamami chabe. Komiti ya mupingo ikaziba bazabachosa, elo uziba kuti Jonah alindila malo yaja. Konsati ya pa Sondo ingankale ya lasti. Nifuna uijambule bwino, baimvele bakali na kutu imozi."

Eugene anamugwira dzanja n'kulumbira kuti chinsinsicho adzafa nacho. Kenaka, monga mwa chizolowezi chake, analowa m'nkhani ya zida.

"Nizaijambula mu hai-rezolushoni, mami. Osati vija va pa foni. Foni imafinya nyimbo, imataya mau yang'ono-ng'ono kuti fayilo ipepuke. Yanga sitaya kantu. Mupweya wa boimba, chala pa waya, na mwamene chalichi ibwezela mau, vonse vizankalamo."

Miyoba sanamve theka la zimenezo, koma anamva kuti mnyamatayu wawawerengera bambo ake, ndipo anamukonda koposa kale.

* * *

Lamlungu la konsati kunatentha monga mmene kumatenthera ku Livingstone mu Okutobala. Eugene anazimitsa mafani onse a m'tchalitchi chifukwa ankang'ung'uza, ndipo azimayi anamuyang'ana ndi diso loipa uku akudzipepesa ndi mapepala a ndondomeko. Anaika maikolofoni awiri kutsogolo, pamwamba pa mutu wa Ba Munsaka. Awiri ena anawaimika kumbuyo, pafupi ndi tebulo lake, kuti atole mawu obwerera kuchokera m'makoma ndi kudenga. Helikopita ya alendo okaona mathithi ikudutsa, anakweza dzanja, ndipo tchalitchi chonse chinadikira mpaka phokoso litatha. Tsiku limenelo Eugene anadzimva kukhala munthu.

Nyimbo zinayamba. M'mahedifoni mwake ankamvera maikolofoni a kutsogolo okha, pakuti ndi amene anali ndi kwaya. A kumbuyo aja anangoona kuti timagetsi tawo tikuyaka, basi n'kuwaiwala.

Cosmas, mnzake wa ku Linda amene anamuthandiza kunyamula katundu, anakhala pambali pake akulimbana ndi tulo.

Pakati pa konsati panali pamene nyimbo imaima kaye, aliyense ali chete, osaomba m'manja, woimba yekha asanayambe. Jonah anatuluka pamzere n'kuima pafupi ndi mpando wa Miyoba. Ba Munsaka anamumwetulira kumwetulira kuja kumene Eugene anali asanakulandirepo, ndipo Miyoba naye anakweza maso n'kumugwedezera mutu. Nsanje ndi matenda oipa. Eugene anasuntha hedifoni ku khutu limodzi, n'kuweramira kwa Cosmas, n'kunong'ona. Zimene ananena sindizinena kawiri, muzimva pamene anazimvera anzathu ena. Cosmas anatseka pakamwa ndi dzanja kuti asaphulike ndi chiseko.

* * *

Lachiwiri Eugene anatumizira Miyoba kachidutswa ka nyimbo pa foni, kochokera ku maikolofoni a kutsogolo. Yankho silinachedwe.

"Nalila, Eugene. Yamveka bwino maningi."

"Iyo ni yofinya. Ukamvela yeniyeni uzakomoka."

"Badadi bakana kumvela pa foni. Ati ubwele na mashini yonse pa Chisanu masana. Bamami bazapika."

"Bananiitana beka?"

"Beka. Ati uja mufana wa mawaya abwele."

"Jonah azankalako?"

"Ndiye anaimba solo. Osayamba, Eugene."

"Sininayambe."

"Wayamba. Vala shati ya waiti."

Masiku otsalawo Eugene anawathera posita shati, kupukuta masipika ndi kuloweza mayina a azungu akale olemba nyimbo. Kumvetsera zimene maikolofoni a kumbuyo anatola sanakuone kufunika.

* * *

Pabalaza pa Ba Munsaka panali poyera, nsalu zoluka zili pa mipando yonse. Ba Harriet, mayi a Miyoba, anamulandira Eugene ndi chibwantu chozizira m'kapu ya alendo. Jonah anali atafika kale, atakhala mwendo pamwamba pa unzake ngati mwana wa pakhomo. Eugene anaika masipika ake awiri mbali ndi mbali, n'kusuntha mpando wa mwini nyumba kuti ukhale pakati penipeni. Mochenjera anaukhotetsa pang'ono kuti khutu la kumanja liloze ku sipika. Miyoba anaona zimenezo, ndipo maso ake anamuthokoza.

Nyimbo itayamba, Ba Munsaka anatsinzina. Dzanja lawo linadzuka lokha pabondo n'kuyamba kutsogolera kwaya imene panalibe. Pamene mavayolini anakwera, milomo yawo inanjenjemera.

Jonah sanapirire kuona zimenezo.

"Ni yabwino, ba Eugene, sinikana," anatero akuyang'ana zikhadabo zake. "Koma imveka monga pa wailesi chabe. Iyo hai-rezolushoni yamene mukamba ili kuti? Muzanga wina amajambula so na foni."

Apa mnyamata wanzeru akanangoseka n'kumwa chibwantu chake. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Ba Jonah, ivi mwamvela ni hafu chabe," Eugene anayankha. "Ba Ticha, nili na mamaiki yabili yamene sininasegule. Yanali kumbuyo. Yaja yamamvela na nyelele ikayenda pa simenti. Manje mumvele chalichi ipuma."

Anakankha timabatani tiwiri pa laputopu.

Ndipo zoonadi chinali chodabwitsa. Pabalaza paja panakula ngati makoma asunthira kutali. Mawu a limba ankapita kudenga n'kubwerera. Kunamveka benchi ikulira, pepala likutembenuzidwa, nkhunda ikuyenda pa malata. Ba Harriet anagwira pachifuwa n'kuyang'ana kumbuyo kwawo ngati mpingo walowa m'nyumba. Ngakhale Jonah anatsitsa mwendo wake.

Kenaka nyimbo inaima, panafika pa chete paja. Mtima wa Eugene unakumbuka mutu wake usanakumbuke. Anatambasula dzanja, koma laputopu inali patebulo, iye ali chiimire pakhomo pomwe anapita kukadzionetsera.

Mawu a munthu wonong'ona anatuluka m'masipika, otsika koma oyera ngati madzi a m'botolo.

"Yangana mudala mwamene amwetulila Jonah. Boi, uja ni gonthi, samvela kantu. Miyoba ananiuza eka. Jonah angalile monga mbuzi, mudala azavomela chabe. Izi nyimbo za malilo nipilila ndaba ya mwana wake."

Pambuyo pake panamveka Cosmas akuseka m'mphuno. Kenaka Jonah wa m'masipika anayamba kuimba, mokoma kwambiri.

Ba Harriet anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono. Miyoba anayang'ana pa mawondo ake. Jonah anayang'ana Eugene, n'kuyang'ana Ba Munsaka, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene watola chikwama pamsewu. Eugene analakalaka simenti itang'ambika kuti alowemo. Manyazi amene anamugwira anali otentha kuposa dzuwa la panja, ndipo shati yoyera ija inamatirira kumsana.

Koma chopweteka kuposa zonse chinali pampando wa pakati. Ba Munsaka anali chitsinzinire, akumwetulira, dzanja lili m'mwamba kudikira kulowetsa woimba. Mnyozo wonse unawadutsa pamaso osawakhudza, ndipo potero unatsimikizira aliyense m'chipindamo kuti wonyozayo sananame.

Nyimbo itatha anatsegula maso. Munthu amene wakhala zaka akuwerenga milomo salephera kuwerenga nkhope.

"Nichani? Mwaoneka monga mwaona njoka. Paja pa chete panali kantu, namvela monga mpepo. Ni muntu anakamba?"

Anafunsa akuyang'ana mwana wawo, amene sanawanamizepo chibadwire. Miyoba anawayang'ana m'maso.

"Ni muntu chabe... anali kupempela, badadi."

"Kupempela!" Ba Munsaka anagwedeza mutu mokhutira. "Mwaona? Nyimbo yabwino imagwadisa muntu. Eugene, usachosemo iyo pempelo. Isiye mwamene ilili."

"Ee, ba Ticha," anayankha ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

Mkuluyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chala. "Nizakamba pamenso pa bonse. Ine nenze kuganiza ati uyu ni mufana wa chongo, wa ma sipika ya mu bawa. Nenze olakwa. Muntu wamene amamvelela so, wamene amalemekeza na chete, angasunge mwana wanga." Anatembenukira kwa mkazi wawo. "Bina Miyoba, nanama?"

Ba Harriet ananyamula makapu n'kulowa kukhitchini.

"Uza bakulu bako babwele na mbale pa Chibelu," Ba Munsaka anamaliza, kutanthauza mbale zofunsira mbeta Loweruka.

Mawu amene Eugene anawadikira chaka chathunthu anafika, ndipo analibe nkhope yowalandirira. Anagwada n'kuomba m'manja monga mwa ulemu, maso ali pansi. Ba Munsaka anayesa kuti mnyamatayo wagwidwa ndi chimwemwe.

* * *

Miyoba anamuperekeza mpaka pa geti, ati akamuthandize kuitana takisi yonyamula masipika. Atangofika kuseri kwa mpanda wa maluwa anatembenuka. Sanakuwe, ndipo kukanakhala bwino akanakuwa.

"Unalumbila, Eugene."

"Miyoba, nenze na jelasi. Ninaona mwamene unamuyanganila Jonah, mutu unazungulila. Sininatantauze."

"Chiti chamene sunatantauze? Gonthi? Olo nyimbo za malilo? Olo kuti ine ndine ninakuuza?" Misozi inatsika koma sanaipukute. "Bamami bamvela kuti ndine ninatulusa nkani ya mu nyumba. Nizabayangana bwanji? Elo lelo nanamiza badadi. Ninabayangana mumenso, nabauza ati kutukwana kwako ni pempelo."

"Nizaichosa. Ni kantu kang'ono, nizadula paja, palibe azaziba."

"Uzadula na mumatu mwa Jonah? Na mwa bamami?"

Eugene anafuna kumugwira dzanja, koma Miyoba analibisa kumbuyo.

"Nikufunse chimozi. Paja ninali kuliza vayolini, iwe uli kumbuyo na mahedifoni, unali kumvela ine olo unali kumvela mashini yako?"

Pamenepo bodza likanamuthandiza, koma linali litamuthera. Anangoyang'ana fumbi la pa nsapato zake, ndipo Miyoba anamva yankho.

"Nimakukonda," anatero potsiriza. "Icho cheka sininaname."

"Niziba. Ndiye chamene chinibaba."

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Jonah anatuluka akukonza kolala, akuyenda ngati munthu amene alibe changu ndi moyo. Atafika pa geti anaima n'kumwetulira onse awiri.

"Ba Eugene, nabweza mau yanga. Mashini yanu ni yazoona, foni singakwanise." Anatembenukira kwa Miyoba n'kutsitsa mawu mwachifundo chonamizira. "Pepa, sisi. Sininazibe kuti ba Ticha bavutika so. Muntu odwala afunika kupumula. Nizakamba na ba komiti mwaulemu."

"Jonah, napapata," Miyoba anatero. Eugene anali asanamumvepo akupempha munthu chotero, ndipo anadziwa kuti amene wamugwaditsa ndi iye.

"Tizakambisana, ine na iwe," Jonah anayankha. Anatsegula geti, kenaka anachita ngati wakumbuka kanthu. "Oo, nabasiya ba Ticha bayesa mahedifoni yanu. Yenze pa tebulo chabe, so nabavalika. Nabakwezela na volyumu ku kutu ya kumanja. Bakondwela maningi."

Anatuluka, n'kutseka geti bwinobwino ngati mlendo wamakhalidwe.

* * *

"Eugene!"

Mawuwo anachokera pawindo la pabalaza, okwera kwambiri monga amachitira munthu amene watseka makutu. Ba Munsaka anali atasuzumira panja, mahedifoni akuda ali kumutu, nkhope ikuwala ngati ya mwana.

"Ivi vintu ni vodabwisa! Namvela benchi ilila! Namvela na njiba pa malata! Zaka zingati sininamvele vintu va so!"

Miyoba anagwira chitsulo cha geti. Kuseri kwa bambo akewo kunaoneka Ba Harriet ataima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja, akuyang'ana Eugene osaphethira.

"Siniziba pokanikiza kuti ibwelele kumbuyo," mkuluyo anapitiriza. "Bwela unibwezele paja pa chete. Nifuna nimvele uja muntu anali kupempela chani."

Eugene anayang'ana Miyoba kuti amuuze chochita. Mtsikanayo anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kusuntha panjira kuti adutse.

"Yenda," anatero. "Ine nanama kamozi. Sinizanama futi."

Eugene anabwerera kunyumba kuja. Atalowa anapeza Ba Munsaka atakhala kale pampando wawo, laputopu ataisendeza pafupi. Mkuluyo anasuntha pang'ono n'kumenya ndi chikhatho pampando wa pambali pake.

"Nkala apa," anatero mokweza, akumwetulira. "Tiimvele pamozi, mwana wanga."